Madengu Awiri pa Nambala Yanga

Ine ndinalandirapo mphotho ya wothyola tiyi wamphamvu kuposa onse pa esiteti yathu kuno ku Thyolo, chaka chimene ndinali ku Joni ndikukwera makwerero m'mitengo ya mapeyala. Musaseke, satifiketi yake ilipo, dzina langa lili pamenepo m'zilembo zikuluzikulu, ndipo bulangete limene linabwera nayo ndi lomwe timafunda nyengo ya chiperoni mpaka lero. Chaka chimenecho tsamba la tiyi ngakhale limodzi sindinalikhudze.

Zinayamba ndi nyumba. Pa esiteti nyumba ya palaini, pamene pamakhala ogwira ntchito, imayendera nambala ya ntchito. Ukasiya ntchito nambala imafa, ndipo pakutha pa mwezi umakapereka kiyi. Ine nambala yanga inali 412, ndinali wokhazikika, osati waganyu wa nyengo ya mvula, ndipo mkazi wanga Esinati ndi ana athu awiri, Chisomo ndi Tadala, ankagona m'zipinda ziwiri zija chifukwa cha nambala imeneyo. Tsono mtima wa ku Joni utandigwira, anzanga akubwera pa Khirisimasi ndi mafoni ndi nsapato zosongoka, funso linali limodzi lokha: banja ndilisiya pati? Kwawo kwa Esinati ku Changata malo anali atatha kalekale, abale ake ankakanganirana kandime ka nandolo kuseri kwa chimbudzi.

Amene anandipatsa nzeru ndi kapitawo wathu, a Namakhwa, munthu wamfupi wa ambulera yakuda imene ankayenda nayo ngakhale kunja kulibe kamtambo. Ndinawapeza pansi pa bulugamu akudikira thilakita yonyamula masamba.

"Iwe pita," anatero. "Koma nambala usaiphe. Mayi akunyumba azibwera ndi dengu m'mawa, ine ndizichonga kuti 412 wafika. Sikelo imawerenga makilo, siyang'ana nkhope."

"Nanga tsiku la malipiro, a kapitawo?"

"Pawindo paja chala chodindacho amachiyang'ana ndani? Ine ndikaima pomwepo, kalaliki amangopereka envulopu. Ukuona ngati ndiwe woyamba?"

Sindinali woyamba, zoona. Tinagwirizana kuti ndi zaka ziwiri zokha, ndipo pa Khirisimasi iliyonse iwo azilandira nkhuku yothokoza. Esinati anavomera ali chete, akusenda chinangwa, osandiyang'ana. Ndinagulitsa njinga ndi wailesi, ndinakakwera basi ku Wenela, Tadala asanayambe n'kuyenda komwe.

Za m'njira sindinena zambiri. Miyendo inatupa, ndalama zinatha pa malire achitatu, ndinafika pa famu ina ku Limpopo ndili ndi kachikwama ka zovala ndi nambala ya foni ya munthu mmodzi, Fakisoni wa ku Bvumbwe, amene anali atakhalako kale zaka zambiri. Fakisoni anali wamtali, wolankhula ngati akukalipa ngakhale pokupatsa moni, koma mtima wake ndi umene unandisunga. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kupukusa mutu.

"Achimwene, pasipoti yanuyi ndi ya mlendo wodzacheza. Folomani salemba munthu wopanda chitupa cha kuno. Koma musade nkhawa, dzina tikupezerani."

Anandipezeradi. Kumudzi wina wapafupi kunali munthu wina wosafuna thukuta, ankabwereketsa chitupa chake, iwe n'kumampatsa kangachepe mwezi ndi mwezi. Dzina lake anali Thabo. Lolemba m'mawa folomani anafuula kuti "Thabo!" ine ndikungoyang'ana mitengo. Fakisoni anandigunda ndi chigongono m'nthiti mpaka ndinatsokomola. Kuyambira tsiku limenelo ndinali Thabo, ndipo zaka ziwiri zija zinasanduka zisanu ndi zinayi.

Tinkagona amuna asanu ndi atatu m'chipinda chimodzi cha malata, Amalawi anayi, ena a ku Mozambiki, mmodzi wa ku Zimbabwe. Kuzizira kwa kumeneko, abale inu, chiperoni chathu n'chibwana. Tinkavala masokosi m'manja. Awiri mwa a ku Mozambiki aja anali Alhomwe a kuseri kwa phiri, ndiye tikatopa ndi zilankhulo za eni dziko tinkatembenukira ku Chilhomwe cha agogo athu n'kumanena folomani ali pomwepo. Lamulungu Fakisoni ankatimeta tonse ndi makina amodzi, mitu yathu n'kufanana ngati ana a sukulu imodzi. Tinkachita chipereganyu, aliyense mwezi wake, ndipo mwezi wanga ukafika ndinkapatsira woyendetsa basi wodziwika kuti akasiye kwa Esinati. Ndi mmene ndinagulira malata, asanuasanu, osadziwa n'komwe kuti adzakhomedwa pa nyumba iti.

Chimene ndinkachisowa kwambiri, mungadabwe, si anthu okha ayi. Ndi fungo la fakitale, lija limatuluka masamba akamafota, limene ndili kuno ndinkalitukwana kuti limandipweteketsa mutu. Dzino ili lakutsogolo ndinalisiya komweko, makwerero anaterereka ndili ndi thumba lodzaza pachifuwa. Fakisoni anandinyamula kumsana mpaka pa msewu, akundikalipira njira yonse kuti ndine wolemera ngati thumba la simenti.

Pa pepala la malipiro panali mizere iwiri imene ankatidula mwezi uliwonse. Ndinafunsa Fakisoni, anati umodzi ndi wa tsiku limene ntchito idzathe, wina ndi wa ukalamba. "Zimenezo ndi zanu, achimwene, akungokusungirani." Ndiye ine mapepala aja ndinkawapinda bwinobwino n'kumawasunga m'chitini cha mabisiketi, osataya ngakhale limodzi. Ndinkatsegula chitini chija Lamulungu masana n'kumawerengetsa, mtima n'kukhala pansi.

Kunyumba foni ikalira mawu anali amodzimodzi: tili bwino, ana ali bwino, musadandaule. Chaka chachitatu Esinati anandiuza kuti mng'ono wake Joyisi banja lamuthera, wabwera kudzakhala nawo palaini, ndipo nayenso wayamba kupita ku munda ndi dengu lake. Madengu onse awiri ankakwera pa sikelo pa nambala yanga. Ine ndinangoti zili bwino, manja awiri aposa dzanja limodzi pothyola, ndipo sindinaganizeponso kanthu. Kenako ndi pamene inabwera nkhani ya mphotho ija. Joyisi ndiye anaimba, akuseka mpaka mawu osamveka.

"Alamu, zikomo kwambiri! Mwapambana esiteti yonse! Abwana amafuna akugwireni chanza, a Namakhwa anena kuti mwagona ndi malungo chifukwa cholimbikira ntchito. Achemwali ndi amene akulandirirani, anthu akuomba m'manja."

M'chipinda mwathu anaseka sabata yathunthu. Fakisoni anayamba kundiitana kuti Champiyoni. Nanenso ndinaseka kwambiri. Sindinafunse kuti Esinati anamva bwanji ataima kutsogolo kwa anthu, atanyamula pepala la thukuta lake lolembedwa dzina la munthu amene ali kutali.

Famu ija inagulitsidwa chaka chachisanu ndi chinayi. Eni atsopano anabwera ndi anthu awo, ife anatiuza kuti tikalandire zathu ku ofesi. Ndinavala malaya oyera, ndinanyamula chitini changa. Mayi wa mu ofesi anayang'ana pa kompyuta, anayang'ana chithunzi cha pa chitupa, anandiyang'ana ine, n'kunena kuti ndalama zimenezi amasayinira mwini chitupa yekha, ndipo zimalowa ku banki yake. Anachita kumuitanitsa. Anabwera mawa lake Thabo weniweni, amene pa zaka zonsezo ndinamuonapo kawiri kokha, atavala chipewa choyera chatsopano, manja osalala. Anasayina mosathamanga. Potuluka anandipeza pakhonde, anandigwira paphewa mwachikondi ndithu, n'kundipatsa ndalama yokwanira basi yobwerera kwathu.

"Dzina ndi langa, m'bale wanga," anatero.

Chopweteka n'chakuti sananame. Ndinakhala pansi pa mtengo wa peyala ndi chitini changa, ndinalira, bambo wamkulu ine, mamina mbwee. Fakisoni anabwera n'kukhala pambali panga. Iye anatsala, anati akayesa ku mafamu a malalanje. Pondiperekeza anandigulira chipewa pa sitolo ya pa depoti, choyera, akuti ndisafike kwathu ngati wothamangitsidwa. Chitini chija ndinabwera nacho, sindidziwa chifukwa chake.

Nditatsika ku Wenela munthu wina wa palaini pathu, amene ankagulitsa nthochi pamenepo, anandiitana dzina langa katatu konse. Ine ndinkangoyenda. Anachita kundithamangira n'kundikoka malaya, akuti kodi a ku Joni mwayamba kunyada? Sikunali kunyada. Khutu linali litaiwala kuti dzina limenelo ndi langa.

Palaini ndinapeza Chisomo atandipitirira msinkhu, mawu atasintha. Tadala anabwera n'kugwada chapatali, kundipatsa moni wa alendo, kenako anathawira kuseri kwa Joyisi. Esinati anandilandira bwino, anandiphera nkhuku, koma sanalinso mkazi uja wosenda chinangwa ali chete. Mapewa anali atakula. Zala zake, chachikulu ndi chamkombaphala, zinali zakuda ndi zong'ambikang'ambika, zoti ngakhale sopo wamtundu wanji sangayeretse. Malata anga anali atawasanja pansi pa bedi, onse, osasowa ngakhale limodzi. Ndipo ndi ndalama za tiyi anali atagula kamalo ku Chimaliro, njerwa ataumbitsa kale, popanda kundifunsa. Ndinanyada, komanso ndisaname, zinandibaya pang'ono. Pakhomo panali pataphunzira kuyenda popanda ine.

Ndinafika nthawi yake yeniyeni, chifukwa pa esiteti panali patabwera makina odinda chala ndi lamulo loti aliyense aonetse chiphaso cha unzika, malipiro azilowa pafoni ya mwini nambala. Za envulopu ndi pawindo zinali kutha mwezi womwewo. A Namakhwa, tsitsi litayera, kutangotsala miyezi yochepa kuti apume, anabwera ndi ambulera yawo kudzatiuza chochita.

"N'zosavuta. Upite ku ofesi, ukanene kuti watopa, ukusiya ntchito. Akuwerengera zaka zako zonse, penshoni ndi zina, usayine, ulandire. Mayiwa adzalembetse okha mvula ikayamba, ngati atsopano. Pakamwa potseka, wamva?"

Ngati atsopano. Tanthauzo lake n'lakuti Esinati akaime pa geti ndi atsikana ongosiya sukulu, kupempha ganyu ya miyezi ya mvula, chilimwe n'kumuuza kuti pita kwanu, ndipo zaka zake zisanu ndi zinayi zisaoneke paliponse. Ndinazimva zimenezo, koma sizinandilowe. Mutu wanga unali pa njinga yamoto yofiira imene ndinali nditaiona ku Bvumbwe, mtengo nditafunsa kale kawiri. Ndinkati ndalama zikatuluka ndiyambe kabaza, anthu aone kuti ku Joni sindinapite kukasewera. Esinati yekha anati, "Abambo a Chisomo, mukangosayina basi, tikhome nyumba ku Chimaliro. Zanga ndidzaona."

Tsiku lake anandiperekeza, anakhala panja pa udzu pansi pa mtengo, ine ndinalowa. Mu ofesi ya malipiro munali mayi wina watsopano, a Nyirenda, wa ku Rumphi, wamagalasi, wolankhula pang'onopang'ono ndi kamvekedwe ka kwawo. Ndinavula chipewa changa n'kuchiika pabondo. Anatulutsa mulu wa mapepala n'kundiyang'ana mwaulemu.

"Ndinu a 412? Ndakondwa kukuonani, bambo. Fayilo yanu ndaisunga padera, ili ndi vuto la msonkho, ndipo sindikufuna muchoke musanalandire zoyenera."

Ndinati vuto lanji, mayi?

Anandifotokozera bwinobwino. Anati boma lili ndi mzere: amene malipiro ake a pamwezi ali pansi pa mzerewo sadulidwa msonkho, amene wapitirira amadulidwa. Othyola tiyi ambiri safika pa mzerewo. Koma 412, miyezi yonse ya mvula kwa zaka zisanu ndi ziwiri, ankaulumpha kutali, ndipo ankadulidwa mwezi ndi mwezi.

"Ndaona makilo a anthu ambiri," anatero, "koma awa munthu mmodzi sangathyole, ngakhale atagona m'munda momwemo. Ine ndikuganiza kuti akalaliki akale analakwitsa, anaphatikiza anthu awiri pa nambala imodzi. Ngati ndi choncho, msonkho umenewu sunayenera kudulidwa, ndipo pali munthu wina amene ntchito yake yasowa m'mabuku athu. Koma ngati makilo onsewa ndi anu, palibe cholakwika. Sayinani apa, Lachisanu ndalama zilowa."

Anandipatsa cholembera. Pochilandira ndinaona maso awo atsika pa zala zanga. Zala zanga zinali ndi zikang'a za makwerero m'kati, koma kunsonga zinali zoyera mbee. Anangokonza magalasi awo.

Ndinayang'ana nambala ya ndalama pansi pa pepala. Njinga ija inalimo, n'kutsalako ya simenti. Ndinayang'ana pawindo. Esinati anali atakhala pa udzu, miyendo atatambasula, akutong'ola chala chake chong'ambika chija ndi kamtengo. Kenako ndinayang'ana pabondo panga, ndinaona chipewa choyera chatsopano. Aaa! Ndinadziona ndikusayina mosathamanga, ndikutuluka, ndikumugwira mkazi wanga paphewa mwachikondi n'kumupatsa yake ya sopo. Dzina linali langa, sindikananama.

Ndinaika cholembera pa tebulo.

"Mayi, akalaliki sanalakwitse. Ine zaka zisanu ndi zinayi ndinali ku Joni. Anathyola tiyi ameneyu ndi mkazi wanga, ali panjapo, ndi mng'ono wake."

A Nyirenda ananyamuka n'kukatseka chitseko. Atakhalanso pansi anapuma kaye.

"Bambo, mukudziwa kuti zimene mwanenazi sindingazikhalire? Ndiyenera kuzipititsa kwa abwana. Mukhoza kutuluka muno opanda ngakhale tambala, ndipo kapitawo wanu akhoza kuchotsedwa."

"Ndikudziwa."

"Ndiye mwaneneranji?"

Ndinangoti ine ndinagwirapo ntchito pa dzina la munthu wina, ndikudziwa mmene zimathera.

Pobwerera, m'kanjira ka pakati pa tiyi, ndinamuuza Esinati. Anaima chilili. Sindinamuonepo atakwiya choncho chikwatiraneni.

"Zaka naini ine ndakhala chete, ndikuyankha dzina lanu pa sikelo ngati chitsiru. Inu tsiku limodzi lokha mwalephera kutseka pakamwa? Nyumba ija tikhoma ndi chiyani, ndi chilungamo chanucho?"

Anayenda patsogolo, ine pambuyo ndi chipewa m'manja. Masabata awiri sanandilankhule. Chakudya ankandiikira, madzi osamba ankanditenthetsera, koma mawu ankadutsira mwa Tadala: kawauze abambo ako kuti mchere watha. A Namakhwa anabwera madzulo ake, osalowa n'komwe, anangoima pakhomo n'kundiloza ndi ambulera. "Iwe wandipha ine. Nkhuku zako za Khirisimasi zija zindilipirira penshoni?" Joyisi yekha ndi amene ankaseka. "Alamu, ku Joni munapita kukathyola mapeyala kapena ku sukulu ya ubusa?" Ndinkaseka naye pakamwa pokha. Ndinkaopa kuti ndaphwanya zonse, za mkazi wanga ndi za mkulu uja, chifukwa cha chipewa.

Anatiitana ku ofesi ya abwana, mkulu wina wa ku Kasungu, pamodzi ndi a komiti ya ogwira ntchito. Ine ndinapereka pasipoti yanga, zidindo zake zinachitira umboni kuti kunalibe. Abwana anati chabwino, inu kunalibe, koma ndidziwa bwanji kuti anathyola ndi awa, ndipo aliyense anathyola zingati? Pamenepo ndinaona kuti zatha. Koma Esinati, amene m'mawa umenewo anali asanandiyang'ane n'komwe, anamasula mpango umene ananyamula n'kutulutsa makope asanu a sukulu, otsala kwa Chisomo, akuda ndi utsi.

Esinati sukulu analekeza sitandade folo, koma manambala amawadziwa. Joyisi atangoyamba kuthyola, Esinati anaona kuti pachibale adzadana pogawana envulopu. Ndiye dengu lake anamangirira kansanza kofiira, la Joyisi kobiriwira, ndipo tsiku lililonse akaweruka ankalemba makilo a dengu lililonse m'mizere iwiri, wofiira ndi wobiriwira. Tsiku limene wina anadwala panali kamtanda. Ine mwamuna wake sindinkadziwa kuti makope amenewa alipo. Abwana anatsegula limodzi, anatsegula lina, n'kuwakankhira kwa a Nyirenda.

Mayi uja Mulungu amudalitse kumene ali. Anakhala Loweruka katatu mu ofesi akufananitsa makope ndi mabuku a esiteti, tsiku ndi tsiku. Ankati ukaphatikiza wofiira ndi wobiriwira, zikufanana ndi za 412 mpaka pa theka la kilo. Ndipo pofufuza anapezanso manambala ena a makilo odabwitsa, amuna ake ali ku Joni, ena anamwalira kalekale, akazi akungothyola. Abwana anaona kuti akati achotse onse, mvula yoyamba idzapeza minda ilibe anthu. Ndi chimene chinatipulumutsa, osati kukoma mtima kokha.

Chigamulo chinatuluka patapita miyezi iwiri. Ine anandifufuta ngati wothawa ntchito, za zaka zanga zoyambirira zija osalandira kanthu, ndipo anati ndisadzapemphenso ntchito pa esiteti imeneyi. Njinga yofiira inagulidwa ndi wina, ndimaiona ikudutsa. A Namakhwa analandira kalata ya chenjezo koma anapuma ndi zawo zonse, ndipo lero tikakumana pa msika amandiyankha moni ndi ambulera, pakamwa ayi. Ndalama za penshoni anazigawa m'maina a akazi awiri aja potsata makope. Joyisi, chifukwa anayamba mochedwa, anamulemba ngati wanyengo, ndipo mpaka lero amati alamu munandigulitsa. Koma Esinati anamulemba wokhazikika, zaka zake zonse zisanu ndi zinayi n'kuwerengedwa, nyumba ya palaini n'kulembedwa m'dzina lake. Pa fomu ya okhala m'nyumbamo ine ndili pa mzere wachitatu, pansi pa ana.

Za msonkho ndiye zinatiyendetsa. A Nyirenda analemba kalata yofotokoza kuti malipiro aja anali a anthu awiri, aliyense pansi pa mzere. Tinapita nayo ku ofesi ya msonkho ku Blantyre kanayi, ine ndi Esinati, pa minibasi. Ulendo woyamba anati chidindo chasowa, wachiwiri woyang'anira fayilo anali ku maliro. Ndi pa ulendo wachiwiri womwewo pamene mkazi wanga anandilankhula bwino koyamba, tili pa mzere, anandigulira chimanga chootcha n'kunena kuti ndidyere mbali ya dzino labwino. Pamapeto pake anabweza za zaka zomalizira zokha, zakale anati nthawi inapita. Sizinali zambiri. Zinagula mafelemu a zitseko ndi mawindo awiri, ndipo nyumba ya ku Chimaliro tinaikhoma chaka chotsatira ndi malata anga aja. Kumeneko ndi kumene ndimakhalitsa masiku ano, ndimalima nthochi ndi nandolo, Loweruka ndimakagulitsa ku Bvumbwe. Sindine wolemera, koma ndimagona tulo.

Satifiketi ija ndinapempha kuti asinthe dzina, a Nyirenda anaseka n'kunena kuti imeneyo si ya ofesi yawo. Esinati anati isiyeni choncho, adzukulu azidzaseka. Makope ake asanu timasunga m'chitini changa cha mabisiketi. Mapepala a Thabo ndinayatsira moto.

Tsiku loyamba Esinati kuthyola pa nambala yake ndinamutengera chinangwa chophika ku munda, nthawi ya sikelo ya masana. Kumunda sindiloledwa, ndiye ndinaima pa msewu kuseri kwa thilakita. Akazi anali pa mzere ndi madengu awo, mvula ikuwaza pang'ono. Kalaliki anayang'ana pa pepala lake n'kufuula.

"Esinati Muhowa!"

Palibe anasuntha. Esinati anali wachitatu pa mzere, dengu la kansanza kofiira lili pambali, akuyang'ana kuphiri, akudikira dzina langa.

"Esinati Muhowa!" anabwereza kalaliki, atakweza mawu.

Joyisi anamugunda ndi chigongono m'nthiti. "Achemwali, ndinu!"

Anadzidzimuka, anagwira pakamwa ndi zala zakuda zija, akazi onse n'kuphulika kuseka. Kenako ananyamula dengu lake, anayenda mpaka pa sikelo, analikoleka yekha pa ngowe, n'kuyankha mokweza kuti ngakhale ine pa msewu ndinamva.

"Ndilipo."